Kodi zimene anapeka Arne Nordheim ndi nyimbo kapena phokoso chabe?

Funsoli lachokera kwa bambo ena amene amayimbitsa kwaya ya mpingo ku Zomba. Akuti: "Mphwanga amene ali pa sukulu ku Norway ananditumizira nyimbo ya orchestra (gulu lalikulu la oyimba zida) yotchedwa Epitaffio, ya munthu wina dzina lake Arne Nordheim, ati kumeneko amamulemekeza kwambiri. Ndamvera koma sindikutolapo kanthu, chuni palibe, biti palibe, zikungomveka ngati oyimbawo akuchuna zida asanayambe. Kodi imeneyi ndi nyimbo ndithu? Ngati ili nyimbo, munthu umaimvera bwanji, ndipo uyambire pati?"

Bambo, zikomo pofunsa, ndipo ndikuyankheni mosazungulira: eya ndi nyimbo, ndipo ndi nyimbo yolira, nde mukamafunafuna chuni yoti muziing'ung'udza panjira simuipeza chifukwa mwini wakeyo sanaiyikemo dala. Zomwe zikumveka ngati kuchuna zidazo zinalembedwa papepala, woyimba aliyense ali ndi manotsi ake kutsogolo, woyimbitsa akuwerenga ndi dzanja ngati mmene mumachitira inuyo, kungoti chimene akumanga si mzere wa chuni koma kamvekedwe pakokha, kulemera kwake, kuthwa kwake, kuti kakubwera kufupi kapena kakupita kutali. Musaganize kuti khutu lanu ndi lopelewera ayi. Anthu a ku Norway eni akewo m'zaka za m'ma 1960 ankamuseka munthu ameneyu, nyimbo zake ankazitcha pling-plong, ndipo ukangotchula Nordheim anthu amadziwa kuti ukunena nyimbo zosamveka mutu wake. Koma pofika 1982 dziko lomwelo linamupatsa Grotten, nyumba ya ulemu imene ili m'mphepete mwa paki ya nyumba ya mfumu ku Oslo, yomwe boma limapatsa waluso mmodzi yekha kuti akhalemo moyo wake wonse. Anakhala momwemo mpaka kumwalira mu 2010, ndipo amene analowamo pambuyo pake ndi Jon Fosse, mlembi amene anadzalandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 2023.

Nordheim anabadwa mu 1931 ku Larvik, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Oslo. Asilikali a Germany atalowa mu Norway mu 1940 anali mwana wa zaka 8, nkhondo imatha mu 1945 iye akuyamba kumene unyamata, nde imfa, mantha ndi kusungulumwa zimene mudzazimve m'nyimbo zake pafupifupi zonse sizinachokere m'mabuku okha. Mu 1948 anapita ku Oslo kukaphunzira ogani, maganizo ake anali a ntchito ya m'tchalitchi, koma ali pa sukulupo anakamvera Symphony yachiwiri ya Gustav Mahler, nyimbo yaitali ya orchestra ndi kwaya, ija imene kumapeto kwake kwaya imalowa motsitsa kwambiri n'kumayimba za kuuka kwa akufa, ndipo atatuluka mmenemo anatsimikiza zokhala wopeka nyimbo basi. Nthawi imeneyo ku Norway opeka nyimbo ambiri ankatsatirabe njira ya Edvard Grieg, amene anamwalira mu 1907, kutenga chuni za kumidzi, magule a kumapiri, n'kuziveka zovala za orchestra. Nyimbo zokoma ndithu, ine Grieg ndimamukonda, koma Nordheim ankaona kuti dziko limene laona nkhondo ngati ija silingapitirize kumayimba ngati palibe chachitika. Anapita ku Copenhagen kukaphunzira kwa wopeka nyimbo Vagn Holmboe, anafikanso ku Paris kumene anakapeza anthu akupanga nyimbo pogwiritsa ntchito tepi, ndipo kuyambira 1960 mpaka 1968 ankalemba za nyimbo mu nyuzipepala ya Dagbladet, kumenenso sankanyengerera munthu.

Tsopano tibwere pa Epitaffio yanuyo, ya mu 1963. Dzinalo ndi la Chitaliyana, mawu olembedwa pa chiliza. Gwero lake ndi ndakatulo ya mizere itatu yokha ya Salvatore Quasimodo, mlakatuli wa ku Sicily, ku Italy, amene analandira Nobel mu 1959, ndipo mfundo yake ndi yoti munthu aliyense waima yekha pamtima pa dziko, kuwala kwa dzuwa kwamulasa, posakhalitsa kwada. Moyo wonse wa munthu m'mizere itatu. Nordheim sanafune kuti munthu ayimbe ndakatuloyo mwa chuni ngati mmene tikanachitira ife, anatolamo mawu atatu, solo, terra, sera, kunena kuti yekha, dziko, madzulo, anajambula mawu a kwaya pa tepi, n'kuwakonza mu situdiyo mpaka kumangomveka ngati anthu koma osadziwika kuti akuti chani, ndipo tepiyo imaseweredwa pa masipika mu holo momwemo pamodzi ndi orchestra. Nde mukamamvera, tcherani khutu ku zitsulo kaye, mabelu ndi zida zina zomenya zimene zimalira mopyapyala m'mwamba, ndi mavayolini amene akugwira manotsi okwera kwambiri osasuntha, uko ndiye kuwala kolasa kuja. Kenako mumve za pansi, malipenga akuluakulu, mabesi, ng'oma, zolemera ngati zikukokera pansi, ilo ndiye dziko. Nyimbo yonse ndi kukokana kwa ziwirizi, ndipo cha kumapeto mawu a anthu a pa tepi aja amatulukira mkati mwa kulira kwa zida moti sudziwa bwinobwino kuti vayolini yathera pati, munthu wayambira pati. Pamenepo ndi pamene thupi limachita tsembwe, koma uyenera kukhala utayenda nayo kuyambira poyamba, ukadumphira pakati palibe chimene umve.

Ndikupatseni fanizo limodzi lokha limene ndikudziwa kuti mulimva. Mukamayandikira mudzi umene mwagwa zovuta m'mawa, muli patali, mumamva azimayi akulira. Aliyense akulira yekha, pa noti yake, wina wayamba wina akulekeza, wina wakwera wina watsika, palibe amene akuwerenga biti, koma chimene chimafika m'khutu mwanu ndi chinthu chimodzi chachikulu chimene chikukula n'kumachepa, ndipo simufunsa kuti chuni yake ndi iti, mumangodziwa kuti kwachitika chani ndipo miyendo imalemera. Nordheim amalemba orchestra mwa njira imeneyo. M'malo moti mavayolini onse ayimbe mzere umodzi, amawagawa timagulu tambirimbiri, pena aliyense noti yakeyake, manotsi oyandikana kwambiri, nde zimasanduka mtambo wa kamvekedwe osati kodi ya do mi so imene tinazolowera.

Mukhoza kuziyesa ndi kwaya yanu pa pulakatisi, sizitenga nthawi. Asopulano agaweni anayi, wina agwire do, wina re, wina mi, wina fa, onse pa "aa" kapena kung'ung'udza kukamwa kotseka. Aaluto muwapatse manotsi a pakati aja, di ndi ri, amene nthawi zambiri timawathawa. Asalowe limodzi, muziwaloza mmodzimmodzi, ndipo muwauze kuti aliyense apume nthawi yake osadikira mnzake kuti kamvekedweko kasaduke. Ayambe motsitsitsa, mukweze dzanja pang'onopang'ono mpaka afike pamphamvu, kenako muwadule onse kusiya munthu mmodzi yekha pa noti yake. Poyamba aseka, ena athawira ku noti ya mnzawo chifukwa khutu limafuna kugwirizana, koma akakhazikika mudzamva mpweya wa m'tchalitchimo ukunjenjemera, manotsi oyandikanawo akugundana, ndipo munthu mmodzi wotsala uja adzamveka yekhayekha kuposa mmene solo iliyonse inamvekerapo. Chimenecho ndiye chida chachikulu cha Nordheim, unyinji waukulu kenako mmodzi. Mukachimva ndi makutu anu kwa anthu anu omwe, Epitaffio mudzaimva mosiyana.

Za tepi zija Nordheim anazilowerera kwambiri pambuyo pa Epitaffio. Ku Norway kunalibe situdiyo yoyenera ntchito imeneyi, nde kuyambira 1967 ankapitapita ku Warsaw, ku situdiyo ya wailesi ya Poland, kumene ankagwira ntchito ndi katswiri wa makina Eugeniusz Rudnik. Kumbukirani kuti kunalibe kompyuta yoti ungodina, kunali kudula tepi ndi lezala, kumata, kuiyendetsa mofulumira kapena mochedwa, kuitembenuza kuti iyambire kumapeto. Belu ukalijambula n'kulitembenuza, m'malo moti ligunde kenako lizilala, limayamba kuchokera ku chete, kukula kukula, n'kuduka mwadzidzidzi. Kumeneko anapanga Solitaire mu 1968, komanso Poly-Poly ya ku chiwonetsero cha dziko lonse ku Osaka mu 1970, imene inali matepi asanu ndi limodzi otalika mosiyana akuzungulira nthawi imodzi, moti kuti adzakumanenso pamene anayambira pamafunika zaka 102. Chifukwa chimene ndikukuuzirani izi ndi choti atabwerera ku orchestra ankailemba ngati ali mu situdiyo muja. Mukamva zingwe zikukula kuchokera ku chete n'kuduka, kapena noti imodzi ikubwerezedwa ndi zida zosiyana motsatizana ngati mawu obwerera kuchokera kuphiri, dziwani kuti ndi maphunziro a ku Warsaw amenewo, ngakhale pamene palibe sipika olo imodzi pa siteji.

Inu monga munthu wa kwaya muyenera kudziwa Eco, ya mu 1968, ya sopulano mmodzi, kwaya ya ana, kwaya ya akuluakulu ndi orchestra. Imeneyi ndi imene inamupatsa mphoto ya nyimbo ya Nordic Council, bungwe la maiko a kumpoto kwa Ulaya, mu 1972. Mawu ake ndi a Quasimodo yemwe uja, ndakatulo za akufa ndi za nkhondo, ndipo ina mwa izo imafunsa kuti tikanayimba bwanji phazi la mlendo litatiponda pamtima, mitembo itatayidwa m'mabwalo, n'kumaliza ndi azeze opachikidwa pa misondodzi. Mwaizindikira kale, ndi Salimo 137 imeneyo, ya ku mitsinje ya ku Babulo, kungoti mlakatuliyo akunena za Italy m'manja mwa asilikali a Germany. Nordheim amene anakulira pansi pa asilikali omwewo anaimva ngati yake. Koma musayambire pa Eco, ndi yowawa zedi, kwaya imakuwa, imanong'ona, imang'amba mawu pakati, ndipo mukaipeza musanazolowere mudzangotseka.

Poyambira pabwino ndi Canzona, ya mu 1960, imene inamutchukitsa kunja kwa Norway. Apa anatengera nzeru kwa Giovanni Gabrieli, wopeka nyimbo wa ku Venice amene anamwalira mu 1612, yemwe ankaika magulu a oyimba mbali zosiyana za tchalitchi cha San Marco kuti aziyankhizana. Mu Canzona magulu a zida amayankhizana choncho, muli mizere yoti khutu likhoza kuitsatira, muli malo ena othamanga okhala ndi biti yomveka, nde munthu sumasochera. Ikatha imeneyo pitani ku Stormen, ya mu 1979, imene anapekera gule wa ballet wochokera pa sewero la Shakespeare la The Tempest, ndipo amene anakonza kavinidwe kake ndi Glen Tetley. Nkhani yake ndi ya chilumba, namondwe, mfumu yothamangitsidwa kwawo imene ikulamulira mizimu, nde kamvekedwe kakunyezimira kaja apa kali pamalo pake penipeni, ndi nyanja, ndi mphepo, ndi matsenga. Muli mawu a mzimayi ndi a mwamuna akuyandama pamwamba pa orchestra. Pali chidule chake chimene amayimba pa konsati popanda ovina, chimenecho ndiye mufunefune. Anthu ambiri amene ankati Nordheim ndi phokoso anagonja atamva Stormen.

Koma imene ine ndimaiyika pamwamba pa zonse ndi Tenebrae, ya mu 1982. Ndi concerto, kutanthauza kuti pali woyimba mmodzi kutsogolo ndipo orchestra yonse ili kumbuyo kwake, pena kumuthandiza pena kulimbana naye. Chida chake ndi cello, vayolini yaikulu ija imene munthu amakhala pampando n'kuipanira pakati pa maondo, ndipo pa zida zonse za zingwe ndi imene mawu ake ali pafupi kwambiri ndi mawu a munthu, imatsika ngati besi n'kukwera kupitirira tena. Anailembera Mstislav Rostropovich, katswiri wa cello wa ku Russia amene nthawi imeneyo anali atachoka kwawo chifukwa chosemphana ndi boma la Soviet ndipo ankatsogolera orchestra ya ku Washington. Dzinalo akatolika akale amalidziwa, ndi mapemphero a mdima a Sabata Loyera, pamene makandulo amazimitsidwa limodzilimodzi pakuwerengedwa masalimo ndi Maliro a Yeremiya mpaka m'tchalitchi mutada. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake anali atalemba kale kanyimbo ka cello yokha kotchedwa Clamavi, kochokera pa Salimo 141, paja pamati Yehova ndafuulira kwa Inu, ndipo Tenebrae ndi kufuula komweko koma tsopano pakati pa khamu. Apa chuni ilipo bambo, yaitali, yoyimba ndithu, cello imalira ngati munthu amene akupemphera yekha usiku, kenako orchestra imabwera ndi zitsulo ndi malipenga n'kuikwirira yonse moti umaona woyimbayo akukoka uta woyimbira pa zingwe ndi mphamvu zake zonse koma osamveka, ndiye phokosolo likaphwa umapeza kuti akadali pompo, akupitiriza mzere wake uja. Ndi nkhani ya Epitaffio yomwe ija, munthu yekha pa dziko, koma apa munthuyo ukumuona ndi maso, ali ndi dzina, akutuluka thukuta. Fufuzani imene anajambula Truls Mørk, woyimba cello wa ku Norway komweko, pamodzi ndi orchestra ya Oslo Philharmonic.

Spur ya mu 1975 nayo ndi concerto koma ya akodiyoni, chida chimene anthu a nyimbo za m'maholo akuluakulu ankachiona ngati cha kumagule a kumudzi basi. Anailembera Mogens Ellegaard wa ku Denmark, amene moyo wake wonse ankalimbikira kuti akodiyoni ilandiridwe pakati pa zida zolemekezeka. Nordheim anaona kuti akodiyoni imapuma ngati chifuwa, imatha kugwira noti imodzi yopyapyala kwa nthawi yaitali n'kuikulitsa pang'onopang'ono, nde imachita zomwe ankachita ndi makina ku Warsaw koma ndi manja a munthu. Zinazo ndingozitchula mwachangu. Greening ya mu 1973 analembera woyimbitsa Zubin Mehta ndi orchestra ya ku Los Angeles. Magma ya mu 1988 inali ya chikondwerero cha zaka 100 cha orchestra ya Concertgebouw ku Amsterdam, ndipo monga dzina lake likunenera ndi mwala wosungunuka wa pansi pa nthaka, yolemera, yoyenda mochedwa, yoopsa, muisiye kaye mpaka mutazolowera. Concerto ya vayolini ya mu 1996 analembera Arve Tellefsen, woyimba vayolini wa ku Norway.

Sindikuuzani kuti zonse zimene analemba ndi zofanana mphamvu ayi. Nordheim anali ndi zizolowezi zake, mabelu aja, kukula kuchokera ku chete kuja, kugunda kwakukulu kenako noti imodzi yotsala, ndipo ankatenga zidutswa za nyimbo yakale n'kuziikanso mu yatsopano, moti ukamvera zinayi zisanu motsatizana tsiku limodzi umayamba kulosera chimene chikubwera ndipo mphamvu yake imachepa. Nde muzimvera imodzi patsiku, basi. Komanso pali anthu odziwa nyimbo bwino lomwe amene mpaka lero sakopeka naye, si mlandu. Chimene sindivomereza ndi kunena kuti munthuyu sankadziwa kulemba chuni nde anathawira ku phokoso, chifukwa nyimbo zake zoyambirira ngati Aftonland, za mawu a munthu mmodzi pa ndakatulo za Pär Lagerkvist wa ku Sweden, zikuonetsa poyera kuti chuni ankaidziwa, ndipo iye mwini ankakonda kunena kuti chilichonse chiyenera kuyimba, kaya ndi belu, kaya ndi chitsulo, kaya ndi tepi.

Chinthu china chimene ndikukayikira kuti chinakusokonezani ndi chomvetsera. Ngati munamvera pa sipika ya foni ndiye theka la nyimboyo simunalimve, chifukwa kasipika kaja sikatulutsa mabesi a pansi aja, ndipo malo otsitsitsa amangosowa, kumatsala zitsulo zokhazokha zikulira pakatipakati, nde zoonadi zimamveka ngati kuchuna zida. Nyimbo za pa wailesi amazipanikiza kuti zizimveka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma izi kusiyana kwa potsika ndi pokwera ndiye nyimboyo. Pezani mahedifoni abwinoko, kapena mulumikize ku masipika a kutchalitchi pakakhala palibe anthu, ikani voliyumu pamene malo otsitsa akumveka ndipo musaigwirenso olo pabwere pokwera. Muikopere mu foni kaye kuti netiweki isakuduleni pakati. Epitaffio ndi ya mphindi khumi ndi pang'ono chabe, mukhale pansi osachita china chilichonse, ndipo m'malo mofunsa kuti chuni ili kuti muzidzifunsa kuti panopa kamvekedweka kali m'mwamba kapena pansi, ndi anthu ambiri kapena mmodzi, kakubwera kapena kakupita. Oslo Philharmonic inajambula Epitaffio ndi Canzona pa chimbale chimodzi cha kampani ya Simax, mphwanuyo akhoza kukupezerani mosavuta.

Mumuuzenso akufufuzireni Draumkvedet, imene Nordheim anapeka pa nthawi ya masewero a Olympics a ku Lillehammer mu 1994. Apa munthu uja ankamunena kuti anataya za makolo anabwerera ku nyimbo yakalekale ya ku Telemark, chigawo china cha Norway, ya Olav Åsteson amene anagona tulo usiku wa Khirisimasi n'kudzuka patapita masiku 13, n'kupita kutchalitchi kukafotokoza zimene anaona ku dziko la akufa. Ndipo ngati mungafune kuti kwaya yanu ilaweko Nordheim ndi pakamwa pawo osati ndi khutu lokha, pali Tres Lamentationes ya mu 1985, ya kwaya yokha popanda zida, mawu ake ndi a m'buku la Maliro a Yeremiya m'Chilatini. Ndi yovuta, imafuna anthu owerenga manotsi a pa mizere osati solofa yokha, komanso oti akhoza kugwira noti yawo mnzawo wa pambali akuyimba ina yogundana nayo, nde muyambe ndi kuyeserera kwa do re mi fa kuja kwa milungu ingapo, mukaona kuti asiya kuthawira ku noti ya mnzawo ndiye mumutume mphwanuyo akakufunsireni manotsi ake ku Oslo.